Zida za Galimoto ya Bambo

Bambo awo atamwalira, ana awiri aamuna anagawana katundu. Mng'ono, yemwe anali mphunzitsi, anatenga galimoto yobiriwira ya mphuno yaitali, imene malemuwo ankaipukuta ngati mbale ya mlendo. Mkulu wake, makaniko, anatsegula kubuti n'kutulutsa chikwama cha zida chimene chinabwera ndi galimotoyo kuchokera kufakitale.

"Galimotoyo tenga," anatero, "koma masipanala amafuna munthu wodziwa kumene nati imazungulira. Iwe uzigwira choko."

Achibale anaseka. Mphunzitsi sanaseke. Analumbira chamumtima kuti zidazo adzazipeza yekha, zenizeni, osapempha munthu.

M'kabuku ka galimotoyo munali chithunzi cha chikwamacho chitatambasulidwa: matumba khumi ndi limodzi, lililonse ndi chida chake. Anapita nacho kwa telala, yemwe anasoka china chofanana nacho ndi nsalu yolimba ya tenti. Kenako anayamba kuyendayenda kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ankavundukula milu ya dzimbiri, kupala chitsulo chilichonse ndi chikhadabo pofuna kuona chidindo cha fakitale. Pulayala anaipeza chaka chachitatu. Sipanala ya mapulagi inamuvuta zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka anaigwira m'manja mwa munthu wina amene ankathothola nayo matope ku nsapato.

"Bwanji osangopita kwa achimwene anu?" mkazi wake ankamufunsa. "Chibale mukuchigulitsa ndi pulayala?"

"Ndidzapita ndikadzaza matumba onse. Akaone kuti wachoko uja wakwanitsa."

Anamva kuti mkulu wake wasamukira mbali ina ya tauni. Anamvanso kuti shuga wamufooketsa, kuti galaja watseka. Iye anati adikire pang'ono, popeza panatsala thumba limodzi lokha, la sikuludilaiva ya chigwiriro cha mtengo. Anaipeza mwezi umene foni ya uthenga wa maliro a mkulu wakeyo inalira. Pochita manyazi, anangofikira kumanda, n'kuima kumbuyo kwa anthu ngati mnansi wamba.

Patatha milungu itatu, mkazi wa malemuyo anatulukira m'mawa atanyamula kathumba ka pepala. Anamupeza mphunzitsi m'galaja, atayala zida zake pa boneti.

"Alamu, ndabweretsa zanu," anatero mayiyo.

Chinali chikwama cha bambo awo chija. Nsalu yake inali itada ndi manja, koma zida zonse zinali waliwali, zikununkhira oyilo. Pa chigwiriro cha sikuludilaiva panali timabowo ta mano.

"Achimwene anu amati munaluma ndinu, mano akumera," mayiyo anafotokoza. "Mwezi ndi mwezi ankazipaka oyilo. Sanamasulirepo nazo ngakhale nati imodzi. Ankati ndi zanu, anangozitenga poopa kuti mungazibwereketse kwa anthu n'kutayika. Geti likalira ankati, 'Mwina ndi aphunzitsi.'"

"Nanga osanena bwanji?"

"Nonse awiri kuuma khosi n'kumodzi, alamu. Ine ndinalankhula mpaka pakamwa panauma."

Mphunzitsi anayang'ana zikwama ziwirizo. Chake chinali chokwana bwinobwino, chida chilichonse ndi chidindo chake, koma anachiona ngati katundu wa anthu osawadziwa. Anangopukuta magalasi ake nthawi yaitali.

"Anavutika kwambiri?" anafunsa pomaliza.

"Miyezi iwiri yomalizayi. Koma nthabwala sanasiye."

Mayiyo atatsanzika kuti akakwere basi, mphunzitsi anakana. Anawatsegulira chitseko chakutsogolo cha galimoto ija, n'kuliza injini. Anatuluka pageti bwinobwino, koma atafika pamphambano anaima, manja ali pachiwongolero, osadziwa kokhotera.

Mlamu wakeyo anamuyang'ana pang'ono, kenako analoza ndi chala.

"Kumanzere, alamu. Mukadutsa mlatho ndikuuzaninso."