Chithumwa cha Masamu

"Mayi, mapepala anga aja ali kuti?"

Nester anali atagwada pamphasa, zonse za m'chikwama chake cha sukulu atazikhuthulira pansi. Makope analipo, cholembera chinalipo, ngakhale chidutswa cha chinangwa cha dzana chinalipo. Koma mapepala anayi amene anawapinda bwinobwino n'kuwaika m'kope la masamu sanaoneke.

Mayi ake, a Bibiana, anali pakhonde kupepeta nandolo. Sanatembenuke n'komwe.

"Ndawawotcha."

"Mwatani?"

"Wamva. Titangobwera kutchalitchi kuja ndawaponya pamoto. Ndinapita nawo kukawaonetsa a Lydia a kwaya, ndipo angoona kamodzi basi. Akuti n'chithumwa, chija amalemba mashehe. Mwana wamkazi akagona nacho kumutu, mtima umatembenuka."

"Mayi, amene aja ndi masamu!"

"Usandipusitse iwe. Masamu ndimawadziwa: wani, thuu, fili. Nanga timazira tomangidwa lamba pakati tija? Masamu ali ndi mazira? Mudzi wonse ukudziwa kuti Che Halidi akufuna mkazi wachiwiri, wosadziwa ndiwe wekha."

Nester anakhala pansi. Anafuna kuseka, koma chimene chinabwera ndi misozi. Mapepala amenewo anamutengera milungu itatu kuwakopera.

Chaka chimenecho, cha 1999, ankabwereza Fomu 4 pasukulu ina yoyendera kufupi ndi kwawo ku Nchema. Chaka chapitacho anakhoza maphunziro onse kupatula masamu, ndipo popanda masamu sukulu ya unamwino ankangoiona ndi maso akamadutsa ku Nguludi. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho wonena mawu omaliza anali amalume ake, a Mikaele. Iwo anali atanena poyera kuti kubwereza n'kamodzi. Akalepheranso, ku Limbe kunali banja lina lofuna mtsikana wochapa ndi kulera ana, ndipo dzina la Nester analipereka kale.

Chimene chinamugwetsa chinali gawo lija la makona atatu, la sayini, kosi ndi tani. Anzake ankangolitchula kuti "tani", chifukwa aliyense akaliona pamayeso ankagwira mutu n'kudzifunsa kuti, "Nditani?" Mphunzitsi wa masamu anachoka teremu yachiwiri isanathe. Amene anagwirizira, bambo wabwino ndithu koma wa phunziro lina, atafika pagawolo analiwerenga mokweza ngati chilengezo cha maliro, n'kutembenuza tsamba.

Thandizo linachokera kumene palibe akadaganiza. Che Halidi anali nkhalamba yoitana anthu kuswala pakamzikiti ka m'mphepete mwa njira ya kusukulu. Ali mnyamata anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi anthu oyeza misewu, kukoka tcheni ndi kuwerengera kutsetsereka kwa zitunda. Tsiku lina anapeza Nester atakhala pansi pa bulugamu wa pamzikitipo, akulimbana ndi samu. Anasuzumira m'kopemo n'kunena kuti, "Mwanangu, samuyi mwaiimika chadodolido." Kuyambira tsiku limenelo Nester ankaima pamenepo akaweruka. Nkhalambayo inali ndi kabuku kakale ka matebulo a manambala, kothothoka masamba, kamene sinkalola kuti kachoke pakhomo. N'chifukwa chake Nester anakopera pamanja, pamodzi ndi zitsanzo zonse zimene anaphunzitsidwa.

Tsopano zonsezo zinali phulusa, ndipo mayeso anali atatsala masiku makumi awiri.

"Ukapondanso pakhomo pamene paja, ndikukanena kwa amalume ako," anatero a Bibiana.

Nester anapukuta misozi ndi chitenje, n'kutuluka kudzaima patsogolo pa mayi ake.

"Kaneneni, mayi. Ndikasiya kupita ndilephera, ndipo mundiperekeza nokha kokwerera minibasi ya ku Limbe. Ine mawa ndikupita."

"Ukundiyankha ine?"

"Sindikukuyankhani. Ndikukupemphani kuti tipitire limodzi. Mukawafunse nokha pamaso panga. Mukakapeza kuti n'chithumwa, sindidzapitakonso, ndipo ku Limbeko ndipita wopanda kudandaula."

A Bibiana anapepeta nandolo amene anali atayera kale. Mwana wawoyo ankamudziwa: akaumitsa khosi chonchi, ngakhale umukalipire mpaka mawu atathe, sasuntha.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Ndipita. Koma ndikupita kukawachititsa manyazi."

Lolemba masana dzuwa la Okutobala linali lowotcha mpaka m'mapazi. A Bibiana anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, korona ataitulutsa pamwamba pa bulauzi kuti aliyense aione. Anakumana ndi Nester panjira, ndipo anayenda limodzi mpaka pamzikiti.

Anapeza Che Halidi atakhala pampando wandalema pansi pa bulugamu uja. Akazi awo, Abiti Sabiti, anali chapafupi kusankha mpunga. Anayala mphasa, moni anapatsana wonse bwinobwino, wa kunyumba ndi wa ana. Kenaka a Bibiana anakhosomola.

"Bambo, ine sindinabwere kudzacheza. Mwana uyu ndi wa tchalitchi, ndipo ndi mwana wasukulu. Chithumwa munamulembera chija ndawotcha. Ngati mukufuna mkazi wina, kafuneni kwina."

Woyamba kuseka anali Abiti Sabiti, ndipo anaseka mpaka lichero linapendekeka.

"Mkazi wina? Bambo awa? Amayi, khitchini yanga ikudontha chaka chachitatu chino, akulephera kufolera. Wachiwiriyo adzamusunga pati?"

Che Halidi sanaseke. Anavula kofia, n'kuivalanso.

"Mayi, mwachita bwino kubwera. Kholo liyenera kufunsa. Koma ine chithumwa sindidziwa kulemba. Ndikadadziwa cholemba kuti mwana akhoze mayeso, bwenzi ana anga onse ali m'maofesi ku Blantyre. Mmodzi akusoka nsapato pa Boma."

"Nanga timazira tija?"

"Ndi chilembo chabe, mayi," anatero Nester. "Chimaimira ngodya imene sitikuidziwa kukula kwake."

"Iwe khala chete, ndikufunsa akuluakulu."

Nkhalambayo inayang'ana kumwamba, kenaka inadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Pakati pa bwalo panali ndodo yozikidwa pansi, yowongoka, yofika m'chiuno.

"Bwerani, mayi. Ndilibe wotchi ine. Wotchi yanga ndi iyi. Ifeyo swala ya madzulo, imene timati Alasiri, timaidziwa ndi mthunzi. Mwezi uno dzuwa la masana limakhala paliwombo, ndodo imatsala pang'ono kusowa mthunzi. Likapendeka, mthunzi umayamba kukula. Ukangopitirira pang'ono kutalika kwa ndodo, ine ndimakaitana anthu. Tayezani ndodoyi ndi dzanja lanu."

A Bibiana anazengereza. Anagwira korona ndi dzanja lamanzere, n'kuyeza ndi lamanja, kuyambira chala chachikulu mpaka chapakati, monga ankayezera nsalu pamsika.

"Kasanu."

"Tsopano mthunziwo."

Anawerama n'kuyeza pansi.

"Kasanunso."

"Mwanangu, auzeni mayi anu zimene zili apa."

Nester anatola kamtengo. Anajambula mzere pansi motsatira mthunzi, kenaka analoza kuchokera kunsonga ya mthunzi kukafika pamwamba pa ndodo.

"Mukuona, mayi? Ndodo, mthunzi, ndi njira ya dzuwa. Makona atatu aja ndi amenewa. Kadzira kaja timakalemba apa, pamene dzuwa lakumana ndi nthaka. Mukagawa kutalika kwa ndodo ndi kutalika kwa mthunzi, yankho lake ndiye tani. Panopa zonse n'zofanana, ndiye tani ndi wani. Tikatsegula kabuku kaja, katiuza kuti dzuwa lapendeka madigiri fote faifi. Manambala munawotcha aja ndi amenewo, a nthawi iliyonse imene mthunzi watalika kapena kufupika."

Nester anamaliza ali chilili ngati mphunzitsi. Iye mwini anadabwa kuti zonsezo zinali m'mutu mwake popanda pepala.

A Bibiana anayang'ana ndodo, anayang'ana mthunzi wake. Kenaka maso awo anapita pa bulugamu uja, n'kutsika, n'kutsatira mthunzi wake umene unadutsa bwalo lonse mpaka kukagwera m'munda wa chinangwa.

"Ndiye kuti," anayamba pang'onopang'ono, ngati akulankhula okha, "ngati ndodoyi yafanana ndi mthunzi wake, mtengo uwonso panopa wafanana ndi wake? Munthu atayeza pansipa, wadziwa kutalika kwa mtengo osakwera?"

Che Halidi anawomba m'manja kamodzi.

"Mayi! Funso limeneli ndi limene limagwetsa ana a Fomu 4. Azungu oyeza misewu anandiphunzitsa mwezi wathunthu kuti ndilimve. Inu mwalimva mutangoima pamenepo."

"Musandinamize."

"Ndikunamizeni chifukwa chiyani, poti mwabwera kudzandikalipira? Munalekezera kalasi yanji?"

A Bibiana anakonza mpango kumutu, ngakhale unali bwinobwino. Nkhalambayo inaona kuti yakhudza pachilonda, ndipo inapepesa kuti nthawi yakwana, n'kupita kukasamba m'manja kuti ikaitane anthu.

Pobwerera, mayi ndi mwana anayenda mtunda ndithu. Kumbuyo kwawo mawu a Che Halidi ankamveka akuitana. Atafika pamlatho wamitengo, a Bibiana anaima.

"Sitandade wani," anatero, osamuyang'ana Nester. "Miyezi iwiri yokha. Kenaka makolo anandichotsa kuti ndizilera amalume akowa, a Mikaele omwewa."

"Mayi..."

"Ndisiye ndinene. Mapepala aja ndinawatsegula katatu. Ndinawatembenuza uku ndi uku, osadziwa ngakhale kumutu kwake. Ndinachita mantha, Nester. Mwana wanga yemwe akusunga zinthu zimene ine sindingathe kuziona. A Lydia atanena kuti n'chithumwa, mtima unakhala pansi, chifukwa chithumwa ndiye ndimadziwa chochita nacho." "Ndakulakwira."

Nester anali asanamvepo mayi ake akunena mawu amenewo kwa munthu aliyense. Mkwiyo wonse umene anagona nawo unasungunuka, ndipo chinatsala ndi chisoni chimene sanadziwe pochiika.

"Ndikoperanso, mayi. Zambiri ndazisunga m'mutu."

"Zinakutengera masiku angati?"

"Milungu itatu."

"Mayeso atsala masiku angati?"

"Naintini."

A Bibiana anawerenga ndi zala, n'kupukusa mutu.

"Ndiye kumjigo usapitenso, kudimba usapitenso. Zimenezo ndi zanga. Iwe ukaweruka uzilunjika pamzikiti paja."

"Nanga anthu? A Lydia sasiya kunena. Zikafika kwa amalume..."

"Amalume ako ndinawabereka kumsana ine, ndikalankhula nawo. Koma anthu ndiye sangasiye, ukunena zoona. Mtsikana yekha pakhomo pa mwamuna tsiku ndi tsiku, ngakhale utawayezera mitengo yonse ya m'Chiradzulu muno, adzanenabe." Anayambanso kuyenda. "Uzindipeza nditafika kale. Ndizikhala pamphasa paja mpaka uzimaliza. Amene akufuna kunena, anene za ine."

Ndipo ananenadi. Pofika Lachinayi, nkhani inali ponseponse yakuti a Bibiana alowa Chisilamu, ena akuti asintha kale dzina. A Bibiana ankangonyamula lichero lawo la nandolo dzuwa likapendeka, kudutsa pakati pa mudzi osayang'ana kumbali, n'kukakhala pafupi ndi Abiti Sabiti. Nester ankakopera manambala chogwada, nkhalamba ikumuwerengera, ndipo akalakwitsa samu inkamubwezera pachiyambi popanda chisoni.

Lamulungu kutchalitchi, a Bibiana anakhala pabenchi yawo ya masiku onse, yachitatu kuchokera kutsogolo. Amayi amene ankakhala nawo zaka zonsezi analowa, anawaona, n'kupita kukathithikana kumbuyo. Benchi yonse inatsala ya iwo okha ndi Nester. Zinawapweteka, ndipo Nester anaziona. Koma nyimbo itayamba anaimba mokweza kuposa masiku onse, mpaka ndime yomaliza.

Lolemba Nester ataweruka anathamanga njira yonse, mtima uli m'mwamba, poopa kuti mwina za dzulo zawafooketsa mayi ake. Atakhota pa bulugamu paja anawaona ali pamphasa, lichero pamiyendo.

"Wachedwa," anatero a Bibiana. "Khala pansi uyambe. Atsala masiku thwelofu."