Mabotolo a pa Gudumu la Boaz

"Gudumuli ndi labwinobwino," anatero Paison, uku akumasula nati ndi sipanala. "Kuliwononga chonchi anthu tikuyenda wapansi ku Chiparamba?"

Getrude anangomuyang'ana mlamu wakeyo. Mwamuna wake Boaz anamuika m'manda dzulo lomweli, nkhata za maluwa zinali zisanafote n'komwe, koma achibale anali atayamba kale kugwira katundu. Wailesi inapita m'mamawa. Jekete la malemu linali pamsana pa Paison, manja ake atawapinda chifukwa linamukulira.

Tsopano anafika pa makina a pakhonde. Boaz ankayeza madzi a m'zitsime mu labotale ina m'Chipata, ndipo chaka chonse cha 1978 anakhala akudandaula kuti kuthira mabotolo limodzilimodzi kumamudyera tsiku, midzi n'kumadikira miyezi. Ndiye anagoneka gudumu la njinga pathabwa, naika mabotolo khumi ndi awiri mozungulira, nalumikiza kamota ka waipa ya galimoto ndi kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo, kamene kankawerenga nthawi. Gudumu linkazungulira lokha, kapaipi n'kutsika, kuyamwa madzi kuwapititsa ku makina oyezera. Lolemba lake amati akaonetse kuntchito, koma mtima unamuimira Loweruka.

"Alamu, musadule mawayawo," anatero Getrude. "Anzake a kuntchito akubwera kudzaona."

"Za mkulu wanga ndi zathu, mayi. Simudziwa mwambo?"

Anadula ndithu. Kachipangizo kaja kanagwera m'fumbi, iye n'kukaponda osazindikira.

Rhoda, mlongo wawo, anali pambali akukhuthulira pansi madzi a m'mabotolo. "Awa ndi abwino kusungira mafuta a saladi," ankatero, akununkhiza lililonse. Mayi yemweyu ndi amene dzulo anagubuduzika kumanda mpaka kumugwira anthu atatu.  Boaz anapalasa njinga masabata awiri kutolera madzi amenewo, ndipo tsopano nkhuku zinali kumwa.

Litatsala botolo limodzi, Getrude anamulanda Rhoda m'manja.

"Iii, ndewu pamaliro chifukwa cha botolo?" anatero Rhoda.

 Getrude anayang'ana kapepala komatidwa pabotolopo, kenaka n'kupatsa Paison. "Werengani nokha, paja munafika Sitandade 4."

Paison anawerenga pang'onopang'ono. "Nambala 1. Chitsime cha Paison, Chiparamba. Ana akutsegula m'mimba kawirikawiri. Liyambe ndi ili."

Abale awiriwa anali asanalankhulane zaka zitatu, chikanganirane za malire a munda wa mtedza. Boaz anapita kuchitsimeko mwakachetechete Paison ali kudimba, natunga, nabwerako osauza munthu.

Paison anakhala pansi. Anatola mawaya awiri n'kuyesa kuwakumanitsa, wofiira ndi wakuda, kenaka wakuda ndi wachikasu. Gudumu silinagwedezeke.

"Nanga ankalumikiza bwanji?" anafunsa, mawu atatsika.

"Amene ankadziwa munamuika dzulo."

Getrude anatenga botolo lija, nalimbitsa chitsekerero monga ankachitira Boaz, kupotokola kawiri kenaka kulitembenuza kuona ngati likudontha. Analikulunga m'nsonga ya chitenje chake chakuda, nauyamba wa ku labotale wapansi.