Madontho Atatu a Madzi

"Ndikupempha madzi okha, mwana wanga," mayi anga anauza namwino. "Ngakhale odzaza supuni."

Namwino anayang'ana ine. Dokotala anali atangochoka kumene, atatiuza mosapita m'mbali kuti mwana wathu, amene anabadwa m'mawa womwewo mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha, safika madzulo. Mapapo ake anali asanakhwime. Mkazi wanga anali m'chipinda cha kumapeto kwa khonde, asanatsitsimuke chichokereni ku opaleshoni. Ine ndinaima pamenepo ndi ovolosi yonunkha utsi, chifukwa foni inandipeza ndikuwotcherera geti la mwini wake.

"Madzi a chiyani, asewere?" anafunsa apongozi anga, bambo a mkazi wanga, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Ndimubatize. Ansembe ndawaimbira, ali kutali, safika msanga. Mumpingo mwathu zikafika potere aliyense amaloledwa kubatiza."

Apongozi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. Anali mphunzitsi wopuma, ndipo ankalankhula ngati kalasi ikadali patsogolo pawo.

"Ubatizo ndi wa munthu amene wamva Mawu, wakhulupirira, walowa m'madzi ndi miyendo yake. Kamwanako kakhulupirira chiyani? Musakavutitse. Yesu akalandira mmene kalilimo."

Nkhani imeneyi tinali titaizemba zaka zisanu ndi ziwiri. Mpingo wa mayi anga umabatiza makanda. Wa apongozi umamiza akuluakulu thupi lonse, ndipo iwo anali mkulu wa mpingo kumeneko. Pa ukwati wathu awiriwa anakhala moyandikana, akumwetulira ngati anthu amene nsapato zikuwathina. Ine ndinapeza njira yanga: Lamlungu lino kwa mayi, linalo kwa mkazi. Wina akafunsa kuti ana adzakhala a mpingo uti, ndinkati tidzawaimika pamvula, mbali zonse zikhutire. Anthu ankaseka. Mwana sankabwera, choncho nthabwalayo inakhalitsa. Ndinali munthu wamantha, ndipo mantha angawo ndinkawatcha mtendere.

"Bambo wa mwana ndi inu," namwino anandiuza. "Mukavomera, ndibweretsa madzi owiritsa. Mukakana, nane ndakana. Koma musachedwe."

Ndinathawa. Ndinganame kuti ndinapita kukafunsa maganizo a mkazi wanga, koma kunali kuthawa ndithu. Ndinamupeza ali gone chagada, milomo itauma, magazi a munthu wina akudonthera m'mkono mwake.

"Mayi a mwana," ndinamuitana. Dzina limenelo ndinalisunga zaka zonsezo, ndipo aka kanali koyamba kulitchula. "Dzukani pang'ono chabe. Mundiuze chochita."

Sanasunthe. Ndinamugwedeza phewa mpaka mayi wa pabedi loyandikana anandikalipira kuti ndimusiye munthu apume. Ndinkadziwa zimene mkazi wanga amakhulupirira, pakuti ndi mwana wa bambo ake. Ndinkadziwanso mayi anga. Ndinakhala pamphepete pa bedi mphindi zisanu, ndikuyembekeza kuti mwina ndikabwerera ndipeza nkhani yatha yokha.

Sinathe. Ndinawapeza akulankhulabe, koma motsitsa mawu.

"Mwana wanga akadzuka mudzamuuza chiyani?" apongozi ankafunsa. "Kuti munachita zimene sakhulupirira pa mwana wake, iye ali m'tulo?"

Mayi ankapinda ngodya ya mpango wawo n'kuitambasula.

"Uyu si woyamba kubadwa," anatero, akundiloza ndi chibwano. "Sadziwa, sindinamuuzepo. Analipo mlongo wake. Anakhala masiku awiri. Ndinati ndidikire Lamlungu, ndimuveke bwino, tipite naye kutchalitchi ngati anthu. Lamlungu silinamupeze. Zaka makumi anayi tsopano, asewere, ndimafunsa kuti mwana uja ali kuti."

"Ali kwa Yesu," apongozi anayankha mofulumira. "Pamenepo palibe chokayikitsa."

"Inu mukudziwa. Ine sindikudziwa."

"Ansembe anu omwe angakuuzeni kuti Mulungu sataya khanda."

"Anandiuza kale, kangapo. Makutu anamva. Apa ndi pamene sipanamve." Anadzigunda pachifuwa.

Apongozi anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti vesi likubwera. Silinabwere. Anangobwezera magalasi pamphuno n'kuyang'ana pansi.

Namwino anasuzumira pachitseko. "Bambo, mpweya ukutsika. Mwagwirizana chiyani?"

Ndinagwedeza mutu. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuvomera kapena kukana, koma namwino anamva kuti ndavomera. Anati alowe anthu awiri okha, asambe m'manja mpaka m'zigongono. Mayi anaimirira. Ndisanasunthe phazi, apongozi anali atavula jekete n'kundipatsira.

"Ndikamuone mdzukulu wanga," anatero.

Ndinaganiza kuti akukatchinga, kuti mkangano wa mipingo iwiri ukathera pamutu pa kamwana kolemera ngati paketi ya shuga. Koma sindinawaletse. Bambo wa mwana ndinatsala panja, nditanyamula jekete la munthu, mphumi nditagunditsa pagalasi la zenera.

Mwana anali m'kabokosi kagalasi kofunditsira ana obadwa masiku asanakwane, kokhala ndi mabowo awiri mbali iliyonse olowetsapo manja. Timapaipi tinamuphimba nkhope pafupifupi yonse. Namwino anapatsa mayi sirinji yopanda singano, yodzaza madzi, n'kuzungulira kukagwira kapaipi ka mpweya kuti kasasunthe. Apongozi anaima pambali, manja kumbuyo, nkhope atalozetsa kukhoma.

Mayi analowetsa dzanja pabowo. Dzanjalo linayamba kunjenjemera. Mayi anga, amene amalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi, analephera kuloza mutu wa mdzukulu wawo. Madzi oyamba anagwera pakansalu. Achiwiri anagunda galasi. Anatulutsa dzanja, analipukuta pachovala, anayesanso, ndipo linanjenjemera kuposa poyamba. Ndinaona madzi akutha m'sirinji, ndipo ndinamenya zenera ndi chikhatho ngati kuti zimenezo zingathandize.

Apongozi anayandikira. Analowetsa dzanja lawo pabowo linalo n'kugwira mkono wa mayi pamfundo, mmene amagwirira mwana wophunzira kulemba. Nkhope anaitembenuzirabe kumbali, milomo atailuma kuti liwu ndi limodzi lomwe lisatuluke. Milomo ya mayi ndi imene inkayenda. Sindinamve mawu, ndinangowerenga madontho. Limodzi. Lachiwiri. Lachitatu.

Atatuluka, apongozi anatenga jekete lawo n'kulivala bwinobwino, mabatani onse.

"Mumve bwino, mkamwini," anatero. "Ine sindinabatize munthu. Ubatizo umenewo sindiuvomereza, ndipo sindidzauvomereza."

"Ndamva, bambo."

"Dzanja lawo limanjenjemera. Akanamulasa mwana m'diso."

"Ndamva, bambo."

Mwana anatisiya nthawi itangopitirira folo koloko, dzuwa likadali pazenera.

Mkazi wanga anatsitsimuka bwino m'mawa mwake. Ndinamuuza zonse ndekha, za imfa ndi za madzi, chifukwa panalibenso wina woti ndibisale kumbuyo kwake. Sanakuwe. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu.

"Munandichitira zimenezi ndili m'tulo," anatero.

"Ndinayesa kukudzutsani."

"Inu munafuna chiyani? Inuyo, bambo ake?"

Anatembenukira kukhoma. Ndinakhala pamenepo ndikumva mawilo a matebulo a mankhwala akudutsa m'khonde, ndikuganiza kuti mwina ndataya mwana ndi mkazi tsiku limodzi. Patapita nthawi analankhula, osatembenuka.

"Sindinamuone n'komwe. Anachita chiyani madzi atamugwera? Analira?"

"Sindikudziwa. Ndinali kunja."

"Munali kunja," anabwereza. "Aitaneni amene anali mkati."

Analowa onse awiri, mayi patsogolo. Apongozi anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja, akulephera kuyang'ana mwana wawo kumaso. Mkazi wanga anafunsa funso lomwelo. Mayi anagwada pambali pa bedi.

"Pepa, mwana wanga. Pepa ndithu. Ndikanakonda ndikuuze, koma maso anga anadzaza misozi. Sindinaone kalikonse."

Mkazi wanga anatseka maso, ndipo ndinaona kuti nako kakang'ono komwe ankapemphako kamuthawa. Apongozi anatsokomola.

"Sanalire," anatero. "Dontho loyamba anakwinya pamphumi. Lachiwiri sanachite kanthu. Lachitatu anatambasula zala za dzanja lamanzere."

"Bambo, munayang'ana?" anafunsa mkazi wanga.

Apongozi anaika chipewa pabedi, n'kukweza dzanja lawo lalikulu, lamitsempha, atalifumbata.

"Anachita chonchi," anatero.

Analitambasula pang'onopang'ono, chala chimodzi, kenako china, ndipo tonse atatu tinaliyang'anitsitsa mpaka chala chomaliza.