Laibulale Yopanda Ngodya

Amene anamanga laibulale yakale ija ayenera kuti anali pa chidani ndi dzuwa. Makoma anali okhuthala moti mphaka ankagona pazenera atatambasula miyendo, ndipo mazenerawo anawaika m'mwamba, kumene ngakhale munthu wamtali chotani sakanatha kusuzumira. M'kati munali zipilala khumi ndi ziwiri, mashelefu athabwa ofika kudenga, ndi fungo la mapepala amene anyowapo n'kuuma kambirimbiri. Mvula ikayamba, ogwira ntchito ankathamanga ndi zidebe. Aliyense ankadandaula nayo nyumbayo, koma wodandaula kwambiri anali mayi wa pakauntala, amene owerenga anam'patsa dzina loti Mayi Chidindo chifukwa ankamenya chidindo ngati bukulo lamulakwira.

Komabe nyumba yamdima imadziwa kusunga chinsinsi. Kuseri kwa chipilala chomaliza, pansi pa masitepe opita ku chipinda cha nyuzipepala zakale, kunali katebulo kogwedera, ndipo masana alionse pankakhala mlamu wake wa Mayi Chidindo. Anali mkazi wa mlongo wake wamng'ono, dalaivala wa lole yogawa zakumwa m'masitolo. Mlamuyo ankawerengera mayeso olowera sukulu ya unamwino, mwamuna wake osadziwa. Dalaivalayo ankadziwa zoti mkazi wake amakhala kwa telala tsiku lonse, kusokerera mabatani, chikhalirecho kwa telala ntchito inkatha nthawi ya nkhomaliro. Ulendo umodzi wokha umene mlamu anatchula za sukulu kunyumba, mwamuna anang'amba fomu, ndipo mkaziyo anayenda sabata yathunthu atavala juzi ya manja aatali dzuwa likuswa mtengo.

Mayi Chidindo ankamudziwa mlongo wake kuposa wina aliyense, popeza anamulera yekha makolo awo atamwalira. Ankadziwa kuti si munthu wokuwa: akapsa mtima ndiye amafewetsa mawu, n'kuyamba kunena "chonde" ndi "zikomo". Kwa zaka zambiri mayiyu ankati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwambiwo unkam'thandiza kutseka pakamwa pake. Ankachita nazo manyazi. Katebulo kaja kanali njira yake yopepesera kwa mlamu popanda kutchula mawu oti pepani.

Kenaka laibulale yatsopano inatha kumangidwa, misewu iwiri kuchokera pa yakale, pamphambano pamene pali maloboti. Walira mvula walira matope. Inali nyumba yozungulira, yansanjika imodzi, galasi lokhalokha kuyambira pansi mpaka kudenga. Munalibe chipilala, munalibe ngodya, ndipo mashelefu achitsulo ankalekezera m'chifuwa. M'kati munkanunkhira penti ndi guluu wa kapeti. Mababu ankayaka okha kukada, n'kuzima okha kukawala, ndipo m'malo mwa chidindo anaika kamakina kolira ngati mwanapiye. Abwana oyang'anira laibulale ankayenda m'menemo manja ali kumbuyo, akubwereza mawu a wojambula pulani ngati vesi loloweza: nzeru siziyenera kubisika, woima pakauntala aziona munthu aliyense. Wojambula pulaniyo mwina anali asanafunepo pobisala chibadwire.

Mayeso atatsala milungu itatu, mabuku onse anasamutsidwa ndipo nyumba yakale anaikhoma. Mlamu anafika pakhomo la yatsopanoyo, anayang'ana uku ndi uku, n'kukana kulowa.

"Alamu, ine muno ayi," anatero motsitsa mawu. "Lole yawo ija imadutsa pa maloboti apa kawiri pa tsiku. Mukufuna ndikhale ngati diresi la m'sitolo?"

"Ndiye uwerengera kuti? Kwanu, pansi pa bedi?"

"Bola ndingozisiya."

"Zaka ziwiri zonsezi ukuloweza mafupa a munthu, lero uzisiye chifukwa cha zenera? Ndipatse masiku atatu," anatero Mayi Chidindo.

Tsiku loyamba anakankhira tingolo ta mabuku m'mbali mwa galasi, koma Abwana anati tikuwononga maonekedwe. Lachiwiri anamata mapu aakulu a dziko lonse pagalasipo, ndipo Abwana anawamatula okha, akupukuta malo a guluu ndi mpango wawo wa m'thumba. Lachitatu anagwira njakata, anangokhala pakauntala dzanja lili patsaya. Ndiye anaona mnyamata wina wa tayi ataima panja, mphuno pafupi ndi galasi, akutokosa m'mano mosatekeseka. Pambuyo pake panaima mayi wina n'kukonza wigi, kutembenuka, kudziyang'ana kumbuyo. Onsewa ankachita zimenezi pamaso pa anthu makumi atatu owerenga, ndipo palibe amene anachita manyazi.

Mayi Chidindo anatuluka n'kuwoloka msewu. Atacheuka, laibulale yonse inali kalilole. Ankaonamo mitambo, mabasi, maloboti ndi iye mwini ataima kukamwa kuli yasa, koma za m'kati sankaona n'kamodzi komwe. Sanafune kupupuluma. Anayesa m'mawa, anayesa masana, anayesanso ola limene mlamu ankaweruka, ndipo ulendo uliwonse galasi linkangom'bwezera nkhope yake. Anakam'tenga mlamu kwa telala n'kumuimika tsidya la msewu.

"Werenga anthu amene ali m'katimo."

"Sindikuona munthu."

"Mulitu makumi anayi, ndi Abwana omwe, mimba patsogolo. Iwe uziwaona a panja, iwo azingoona mano awo. Ndakuuza ine, mlamu, palibe angakuone."

Mlamu anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuti Mayi Chidindo amve kuseka kwake kopanda dzanja pakamwa.

Anasankha tebulo la m'mwamba, pafupi ndi galasi, chifukwa kumeneko kunali kuwala. Atatha zaka ziwiri akufinya maso pansi pa masitepe, tsopano ankawerenga tsamba lonse osaliyandikiza kumaso. Ankavula nsapato n'kupondetsa mapazi pa kapeti. Lole ya mwamuna wake ikaima pa maloboti, masiku oyamba ankabisa mutu kuseri kwa buku, koma pofika sabata yachiwiri ankangoiyang'ana mpaka itadutsa. Mayi Chidindo ankam'tcha Anamwino, n'kumam'pempha kuti amuyeze bondo. Nayenso anayamba kuikonda nyumbayo, ngakhale sankavomera pagulu. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi umakumbukika mbuzi itapita kale.

Lachinayi lomaliza, mayeso ali Lolemba, Abwana anam'tuma Mayi Chidindo ku nyumba yakale kukatenga bokosi la makadi limene linaiwalika. Anatsekula chitseko cholemera chija n'kupeza mashelefu ali mbee, ndipo phazi lililonse limene ankaponda linkamveka kawiri. Ali m'katimo kunagunda bingu, mvula n'kukhuthuka. Denga linayamba kudontha m'malo ake a masiku onse, ndipo iye, mwa chizolowezi, anatchera zidebe, ngakhale munalibenso buku loti linyowe. Anadikira kuti ikate, koma sinakate. Ola lachitatu litapitirira anakulunga bokosi m'pulasitiki, anatambasula ambulera n'kutuluka.

Kunja kunali bii ngati dzuwa lalowa kale. Ngalande zinasefukira, maloboti anafa, ndipo magalimoto anathithikana kuchokera pamphambano mpaka kumene maso amalekezera, onse atayatsa nyali. Atakhota pakona, Mayi Chidindo anaima chilili.

Mababu a m'laibulale anali atayaka okha, monga anawapangira. Kalilole uja kunalibe. Nyumba yonse inkawala ngati nyali ya galasi, ndipo munthu ukanatha kuwerenga mashelefu, mipando, ngakhale mabatani a jekete la Abwana. M'mwamba, pafupi ndi galasi, panali mlamu, nsapato zili pambali, akuwerenga zala zake fupa ndi fupa, milomo ikugwedera. Pansi pake penipeni, mumzere wa magalimoto osasuntha, panali lole ya zakumwa, zenera la dalaivala lili lotsitsa ngakhale mvula inkalowa.

Bokosi linagwera m'madzi. Anathamanga pakati pa magalimoto, bondo lake lija osalimva, ndipo analowa m'laibulale madzi ali chuchuchu.

"Zimitsani magetsi!" anakuwa kwa mlonda wa pakhomo.

"Sazimitsika, amayi. Amayendera kompyuta."

"Switchi ili pati?"

"Mulibe switchi muno."

Owerenga onse anadzutsa mitu. Abwana anatuluka mu ofesi n'kuloza matope pa kapeti, koma iye anawadutsa ngati sakuwadziwa. Anakwera masitepe, anam'gwira mlamu pamkono n'kumukokera pakati pa mashelefu, ndipo onse awiri ananjuta pansi, popeza mashelefuwo sakanabisa munthu woimirira.

"Alamu, chavuta n'chiyani?"

"Galasi laleka kubisa. Ali panja."

Mlamu sanafunse kuti ndani. Anakwawa mpaka kumapeto kwa shelefu n'kusuzumira. Mzere unali utayamba kuyenda, ndipo lole inkachoka pang'onopang'ono, osaliza hutala. Anabwerera n'kukhala pansi, nkhope ili gwa.

"Mwina sanayang'ane m'mwamba," anatero Mayi Chidindo, ndipo iye mwini anamva kuti akunama. "Tiye ukagone kwathu. Ukhale kwathu mpaka Lolemba, ndikakuperekeza ndekha ku mayeso."

"Nanga mwana wathu? Aweruka kusukulu posachedwa. Bambo ake akakapeza ine kulibe, mkwiyo wonsewo ukagwera ndani?"

"Tikam'tengere limodzi."

"Kiyi wa geti la sukulu si wanu, alamu. Bambo ake ndi amene amam'tenga Lachinayi."

Mlamu anavala nsapato, anamanga zingwe zake mosamala, anaika mabuku awiri m'chikwama pansi pa nsalu za kwa telala, monga ankachitira masiku onse. Sanam'dzudzule Mayi Chidindo ngakhale ndi diso, ndipo zimenezo zinam'pweteka mayiyo kuposa kutukwanidwa. Ataweruka anapita kunyumba kwa mlongo wake n'kupeza geti lokhoma. Anagogoda mpaka dzanja linachita dzanzi, anaimba foni zonse ziwiri, koma zinali zozimitsa. Mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda n'kunena kuti iye za m'nyumba za eni salowerera.

M'mawa kunacha bwino, ndipo galasi linabwerera kukhala kalilole ngati silinalakwe kanthu. Munthu woyamba kulowa chitseko chitangotsekulidwa anali mlongo wake, atavala yunifolomu yosita. Anapukuta nsapato pachopondera, anapereka moni kwa mlonda, n'kufika pakauntala. Anaika mabuku awiri aja patsogolo pa mchemwali wake, anawalinganiza m'mbali, n'kusanjika khadi la mlamu pamwamba.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?" ananong'ona, poti muno ndi m'laibulale. "Ndabweretsa katundu wanu. Chonde, khadi ili mulifafanize, silidzagwiranso ntchito."

"Ali kuti?"

"Akupuma. Anaterereka m'bafa dzulo, mukudziwa mmene matailosi amachitira. Dzanja lamanja lili mu pulasitala, adokotala akuti milungu isanu ndi umodzi. Ngakhale supuni sakutha kugwira."

Mayi Chidindo anagwira m'mphepete mwa kauntala. Anayang'ana manja a mlongo wake, amene ankawasambitsa ali aang'ono, n'kuwadula zikhadabo, ndipo anadana nawo. Anadzidanso yekha.

"Iwe," anatero, "ndikupita kupolisi."

"Pitani, achemwali. Akam'funsa mwini wake, ndipo akawauza za bafa." Anakweza maso n'kuyang'ana denga, masitepe, magalasi. "Koma nyumbayi anamanga, eti. Dzulo ndinaima apo mphindi makumi awiri, ndikungoonerera. Mukudziwa, sikuti ndi mabukuwa amene anandiwawa. Amamwetulira, achemwali. Ali yekhayekha, amamwetulira. Zaka zisanu ndi zinayi ndili naye m'nyumba, nkhope imene ija sanandionetsepo."

Anathokoza, anatsanzika n'kutuluka. Mayi Chidindo anamuona akuwoloka msewu, akuima pang'ono kukonza kolala pagalasi, akukwera lole yake. M'nyumba imeneyo munalibe poti munthu n'kutembenukira kuti alire osaonedwa, choncho anangoima pomwepo, misozi ikutsikira pa bulauzi.

Abwana anatulukira kumbuyo kwake, anatola buku limodzi n'kuyang'ana tsiku lobwezera. Analidutsitsa pa kamakina kaja, ndipo kanalira.

"Mwaona, amayi?" anatero mokondwa. "Kunyumba yakale ija tinkachita kuwalondola. Kuno anthu ayamba kubweza mabuku tsiku lisanakwane."