Mafuta a Mabuleki pa Mtsetse wa Chowe

Antonio anaponda buleki, phazi n'kungolowa mpaka pansi ngati waponda nthochi yakupsa. Anapopa, napopanso, koma pikapu yake yokalambayo inkangowonjeza liwiro pa mtsetse wa Chowe. Kumbuyo kunali matumba a chimanga ndi anthu ochokera ku Namwera. Pambali pake panali mayi ake, a Lusia, omwe ankapita ku Mangochi kukaona mdzukulu.

"Gwiritsani, amayi!" anakuwa Antonio.

Anabweza giya, nakoka handibuleki, n'kukhotetsera galimotoyo kuchikhoma cha dothi cha m'mbali mwa msewu. Inakhula dothilo kamtunda ndithu, kenako inaima. Anthu anatsika, uyu akuitana Yesu, uyo akuitana Allah.

Kunena zoona, bulekiyo inali itayamba kale kufewa, ndipo m'mawa uliwonse pansi pa tayala lakumbuyo pankapezeka madontho. Koma Antonio anali munthu wa "tidzaona mawa". Ankangothiramo mafuta a m'botolo lomwe ankasunga pawindo kunyumba, basi ulendo.

Anaimbira foni Omari, makaniko wa ku Namwera, yemwe anafika pa njinga yamoto. Omari anatsegula boneti, naviika chala m'kathanki ka mabuleki, n'kununkhiza. Anatong'ola maso.

"Achimwene, mumayendetsa galimoto kapena mumakazinga zitumbuwa? Awatu ndi mafuta ophikira! Malabala onse a m'mabulekimu afufuma. Nayonso paipi yakumbuyoyi sinayambe lero kudontha."

"Ophikira? Ine ndinagula a mabuleki enieni!"

A Lusia anali atakhala pamwala, atagwirizira mkono m'chitenje. Anayankha mosatekeseka n'komwe.

"Aja a pawindo? Ndinapaka ana a kwa Tikhala, oyandikana nafe aja, zipere zinawatha mutu wonse. Nawonso a Simioni a m'mudzi mwathu aja anadzapemphako oika pa dzino lowawa. Nditaona kuti botolo likutha, ndinati mwana wanga angadandaule, ndiye ndinadzazamo a kukhitchini. Abwinotu, osakazingirapo kanthu."

Antonio anayang'ana phompho lomwe linali tsidya lina la msewu. Anafuna kukalipa, koma akanakalipira ndani? Mayi ake anadzaza botololo chifukwa chomukonda. Paipi yodontha anailekerera ndi iye mwini.

Apa m'pamene anaona kuti chitenje cha mayi ake chanyowa ndi magazi.

"Amayi, mwavulala!"

"Aa, kabala kakang'ono aka," anatero a Lusia, natembenukira kwa makaniko uja. "A Omari, mwabwera nawo enieniwo eti? Tandidonthezerani pang'ono apa kaume msanga."

Omari anabisa botolo lake kumbuyo, kukamwa kuli yasa. Antonio anasiya galimoto ndi chimanga pamsewu pomwepo, anapempha Omari makiyi a njinga ija, nakweza mayi ake kumbuyo. Ulendo wa kuchipatala anauyenda pang'onopang'ono.