Jekete la Wopemphetsa

"Mayo ine! Amama, jekete ili mwalitani?" Bupe anagwira m'mutu atangolowa m'chipinda cha zovala.

Zelipa anamwetulira, simbi ili m'manja. Inali sabata yake yoyamba pa kampani yojambula filimu ku Hamilton, m'dziko la Canada, ndipo anamupezera malowo ndi Bupe yemweyo, mtsikana wa ku Chipata. Zelipa, telala wa ku Limbe, anatha zaka akusambitsa nkhalamba ku Oshawa, singano akungoilota. Tsopano anali atabwerera pa makina, ndipo sankafuna kuchokaponso.

"Ndalichapa, mwanawe. Linali bii ngati la wootcha makala. M'zigongono ndasoka, mabatani ndaika. Munthu aoneke pa filimu ndi nsanza ife tilipo?"

"Ndi la wopemphetsa, amama! Litsiro lija n'lochita kupaka. Dzulo ashuta nalo theka, lero ndiye amalizitse. Safunsa anadya phula!"

Zelipa anaika simbi ija pansi.

Kenaka analowa Christine, bwana wawo, mayi wa ku Mangalande amene anamerera imvi pa ntchito yokonza zovala za m'mafilimu. Jeketelo anavutika nalo yekha, kulinyika m'tiyi, kulikwecha ndi sandipepa mpaka lioneke la munthu wogona panja. Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa! Anangosisita chigongono chija ndi chala.

"Kusoka kokongola chonchi ndinakuona komaliza kwa amayi anga," anatero motsitsa mawu, n'kumupatsa lezala. "Phwasulani."

Zelipa anadula ulusi wake womwe. Zinamuwawa kwabasi. Kwawo chovala chong'ambika chimachititsa manyazi banja lonse, koma kuno anthu amachita kuching'amba dala.

Sizinathandize. Nsaluyo inali itayera, yosafanana n'komwe ndi ya dzulo, ndipo kujambula kwa tsikulo kunalephereka. Masana Christine anabwera kuchokera kwa akuluakulu, nkhope ili yakugwa.

"Ndakuchondererani kuti musachotsedwe ntchito, koma akana. Khadi lanu lolowera musiye pageti."

"Pepani, mayi. Ndimati ndikuthandizeni."

"Ndikudziwa," Christine anayankha, osamuyang'ana.

Bupe anamuperekeza mpaka pakhomo, nthabwala zonse zitamuthera. Zelipa anakaima podikirira basi, mphepo ikulasa m'makutu. Kutsidya kwa mpanda, poimika magalimoto, anaona Christine atagwada ndi ukalamba wake, akukhukhuza jekete lija m'matope a chipale chofewa. Basi itafika, Zelipa anasankha mpando wa mbali inayo kuti asamuonenso.