Miyala m'malasha ya amake Dalton

Bana Bwembya, mai neba wathu wophika vitumbuwa, banafika pa geti m'mawa, mkono womanga na chitenje, ku dzanja lina banyamula mbaula. Moni sibanapereke. Banangokhuthula mbaula pa mapazi yanga. Panagwa phulusa pang'ono na miyala.

"Bashi Dalton, onani malasha ya amake Dalton!"

Bashi Dalton ndine, amake Dalton ni mkazi wanga Virginia. Tinamuika m'manda chaka chatha mvula itangoyamba. Kuchokera pamene tinabwera mu komboni ya Chawama, ndiye anali kugulitsa malasha pa geti pano, ine nikulonda nyumba za anthu ku mayadi. Thabwa la pa geti ninakhoma na manja yanga: MALASHA KWA AMAKE DALTON.

Virginia sanali kumangiratu malasha. Munthu anali kubwera na beseni yake, iye atunga mu saka na chitini, akhuthula mwini wake akuona. Pomaliza asankha khala lalikulu, aika pamwamba, ati, "Mbasela iyo, mukaphikire ana tiyi." Nikamuuza kuti mbasela yako izatisaukitsa, anali kuniyankha kuti, "Imwe pitani mukalonde mageti ya eni, iyi geti ni yanga."

Atamwalira, malonda anatenga ni mwana wathu Dalton, mwamuna wamkulu wa ndevu, nchito ya mu basi itamuthera. Malaiti yanali kuzima kuzima, aliyense afuna malasha. Iye anabweretsa mapulasitiki yakuda, amangiratu, aunjika pa tebulo. Nitamufunsa, ati, "Badadi, ni bizinesi ya manje manje."

Tsiku la mbaula ninamuitana. Anatuluka na vomvera nyimbo m'makutu.

"Chotsa ivo! Iyi ni chani?"

"Ah, ni baja bootcha malasha ku mudzi, bamaika miyala mu saka."

"Iwe Dalton," banatero bana Bwembya, "nakupapa ku msana ine, usaniname. Iyi ni miyala yophwanya ya pa ngalande yamene bamanga pa kona. Yayenda bwanji ku mudzi na kubwela? Yakwela basi yako?"

Banamasula chitenje. Mwala unali utaphulika pansi pa poto ya mafuta ya saladi yowira, mafuta yonse pa mkono. Khungu linali litatukuka matuza.

Mwana wanga anayang'ana, nakweza mapewa. "Bonse bachita so. Mukamba monga napaya muntu."

Bonse bachita so! Ninafuna kumutema na mbaula yomweyo. Kansi kuseri kwa nyumba anali kugubuduza miyala mu fumbi ya malasha kuti ide, aika pansi pa pulasitiki pamodzi na fumbi, pamwamba makala yabwino. Nchito yonse iyo, thukuta lonse ilo, kuti anamize anthu amene analira maliro ya amake!

Nkhani mu komboni siichedwa. Azimai anayamba kupita pa geti na mabeseni yao, nkhope ayang'ana kwina, ulendo ku maliketi, kutali, m'matope. Pa pompi ninamva na makutu yanga mtsikana auza mnzake, "Osagula kwa amake Dalton, ni bakawalala." Sanakambe kuti kwa Dalton, iyai. Kwa amake Dalton. Munthu ali gone m'manda, sanabepo na khala limodzi, lero ni kawalala.

Ninabwerera ku nyumba, natenga hamala, nazula thabwa, naika pansi pa bedi.

"Badadi, manje bantu baziba bwanji kuti tigulitsa?"

"Lemba dzina lako. La amako sulipakanso fumbi."

Sanalembe. Anangokhala pa tebulo na mapulasitiki yake, akanikiza foni, adandaula kuti bantu ba mu Chawama ni ba jelasi. Jelasi ya chani? Ya miyala?

Amene banatithandiza ni bomwe aja banapsa. Mkono utayamba kuuma, bana Bwembya banabwera na sefa ya waya, banakhala pa ka benchi ka Virginia.

"Kamba zoona, mwana wanga. Unachitila chani?"

Dalton anakanda m'mutu. "Saka ibwela na fumbi yambili, bamayo. Nikataya, palibe vamene nipezapo."

"Ndiye vuto iyo chabe? Uganiza amai bako masaka yabo yenze yobwela kumwamba? Benze kusefa. Fumbi benze kuika payekha, kugulitsa monga fumbi, mutengo wake wa fumbi. Kuli bamene baumba tumipila na dothi, tuyaka bwino maningi. Ine nemwine nigula. Fumbi si chimo. Chimo ni kuibisa pansi na kuipatsa dzina ya malasha."

"Manje bantu sibabwela."

"Uzabalondola. Nyumba iliyonse yamene unagulitsako miyala, upeleke chitini cha malasha yeniyeni, ukambe na pakamwa pako kuti ninalakwa. Uyambe na ine."

"Ah, bamayo, nsoni!"

"Pogubuduza miyala nsoni zenze kuti?"

Anapita, koma mokoka miyendo, wilibala ikulira njira yonse. Ena analandira. Mai wina anamuthira madzi yotsukira mbale. Dalton anabwera ali chonyowa, ati nasiya. Ninamuuza kuti usiye, koma thabwa lizaolera pansi pa bedi. M'mawa mwake anatenganso wilibala.

Mapulasitiki yakuda tinatentha. Chitini cha Virginia chinatuluka. Poyamba anthu anali kubwera monga apolisi. Ambuya ena anali kugwetsa khala lililonse pa simenti kuti amve kulira kwake, Dalton ataimirira, aluma mano. Ninamuuza kuti, "Ima tero. Unawaphunzitsa ndiwe."

Mvula inatha, kunabwera mphepo ya Juni. Mabeseni yanayamba kuima pa geti, limodzi limodzi. Tsiku lina ambuya aja anangotambasula beseni, osagwetsa kanthu, akambitsana na mnzao za maliro ya ku komboni ya Kuku. Sanayang'ane na m'chitini momwe. Ninalowa m'nyumba, nakoka thabwa, napukuta na shati yanga, nakhomanso.

Bana Bwembya banabwera na beseni yabo. Dalton anakhuthula, nasankha kakhala ka mbasela, kang'ono monga chala.

"Iwe kaso! Amai bako benze kusankha yaikulu."

Anaseka, nabweza, naika lalikulu. Ine ninayang'ana kumbali, pakuti dzanja lake pa beseni paja linali la Virginia.

Imwe ogulitsa pa tuntemba na pa matebulo, mverani ine nkhalamba. Chamene mugulitsa, munthu achione mpaka pansi. Choipa mukambe kuti ni choipa, muchipatse mtengo wake. Mukalakwira kasitoma, pitani ku nyumba kwake mukapepese, musayembekeze kuti aiwale. Wogula mu komboni si mlendo wopita, ni neba wanu, mawa muzakumana pa pompi. Virginia sanatisiyire nyumba ya ku mayadi. Anatisiyira dzina pa thabwa, ndipo dzina ilo ndiye litidyetsa mpaka lero.